Mpingo ukafuna kufikira anthu atsopano m'dera lake: poyambira ndi njira yake

Nkhani yofalitsa uthenga ikafika pamsonkhano wa akulu a mpingo, kawirikawiri imathera pa zinthu zitatu: tibwereke zokuzira mawu, tiitane mlaliki wodziwika wochokera kutali, tisindikize timapepala. Ndalama zimasonkhedwa, chitsitsimutso chimachitika masiku atatu pabwalo la sukulu, anthu amaimika manja, koma pakatha mwezi m'mabenchi mumakhala nkhope zomwe zija. Malangizo awa ndalembera inu akulu a mpingo, atumiki, agulupa, makatekisiti, atsogoleri a amayi ndi a achinyamata amene zimenezi zakutopetsani. Msonkhano wapabwalo uli ndi malo ake, koma ndauika chakumapeto dala, chifukwa pali ntchito yambiri yoyenera kuutsogolera, ndipo yambiri mwa iyo safuna ndalama.

Yambani ndi kudziwa amene mukumufuna

Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi muli anthu 17,563,749. Mwa anthu 100 aliwonse, pafupifupi 77 anati ndi Akhristu, pafupifupi 14 anati ndi Asilamu, ndipo amene ananena poyera kuti alibe chipembedzo anali awiri okha. Tsono tadzadutsani pamsika wa Ndirande kapena padepoti ya Lilongwe Lamulungu cha m'ma 9 koloko m'mawa, muone khamu lake. Ambiri mwa anthu amenewo mukawafunsa adzakutchulirani mpingo wawo mosadodoma, ena mpaka dzina la abusa amene anawabatiza. Kungoti papita zaka asanaponde m'tchalitchi.

Ndiye kuti munthu watsopano amene mukumufunayo, nthawi zambiri si woti sanamvepo za Yesu. Ndi mnyamata amene anachoka ku Dedza kudzasaka ganyu ku Area 36, kalata yake yosamukira anaisiya kumudzi. Ndi mayi amene anaimitsidwa atatenga pathupi kalekale, ndipo chiimitsidwireni palibe anapitako kukamuona. Ndi mlonda, mtsikana wantchito yapakhomo, wakabaza, kondakitala wa minibasi, anthu amene Lamulungu m'mawa ali pantchito kapena akubweza tulo ta usiku wonse. Ku Kasungu ndi ku Mchinji ndi ogwira ntchito m'maesiteti a fodya. Kunyanja ndi asodzi amene amayendera usipa. Ku Zomba ndi ophunzira okhala m'mahositelo a ku Chikanda. Aliyense wa amenewa amafikiridwa mwa njira yake, n'chifukwa chake simungayambe musanadziwe kuti kwanuko ochuluka ndi ati.

Tengani pepala lalikulu, ngakhale katoni yong'ambidwa bwino ikwanira, mujambule dera lanu: msewu, mjigo kapena kiyosiki ya madzi, chigayo, sukulu, malo oonetsera mpira, ndi mizere yonse ya nyumba za lendi. Ikani kachizindikiro pa nyumba iliyonse ya mkhristu wanu. Mudzaona kuti zizindikirozo zaunjikana mbali imodzi, ndipo pali chigawo chathunthu, mwina kutsidya kwa mtsinje kapena kuseri kwa msika, kumene mulibe ngakhale munthu mmodzi. Pojambulapo amayi asasowe. Bambo amadziwa misewu, koma amene amadziwa kuti m'nyumba yachitatu ya pamzere uja mwalowa banja latsopano lochokera ku Mulanje ndi mayi amene amatunga nawo madzi.

Mukatha mapu, tsegulani kaundula wakale wa mpingo. Lembani padera maina onse a anthu amene papita zaka ziwiri osaoneka pamgonero, ndipo pa dzina lililonse mufunsane: anamwalira, anasamuka, analowa kwina, kapena alipo pomwe pano? Gulu lomalizali lidzakudabwitsani kukula kwake.

Apa mugwirizanenso chinthu chimodzi, ndipo chilembedwe m'maminitsi: munthu amene akupemphera mokhulupirika kumpingo wina si wanu. Kuba nkhosa za mnzanu kumadzaza mabenchi koma kumadanitsa mipingo m'dera, ndipo nkhosa yobedwa sichedwa kubedwanso.

Konzani pakhomo mlendo asanafike

Musatume munthu kukaitana anthu musanaone chimene oitanidwawo adzapeze. Pemphani mnzanu wa mpingo wina, woti akhristu anu samudziwa, abwere Lamulungu lina atavala wamba, akhale mpaka kumapeto, kenako akuuzeni chilungamo. Ndani anamupatsa moni? Anamuonetsa pokhala, kapena anakhala pabenchi n'kuuzidwa kuti "pamenepo m'pa amayi aujeni"? Anadziwa nthawi yoimirira ndi yokhala? Chimbudzi anachipeza, ndipo chinali cholowekamo?

Zimene mudzamve zambiri n'zokonzeka sabata yomweyo. Ikani pakhomo anthu awiri ansangala, bambo ndi mayi, amene ntchito yawo ndi kulandira basi, osati kugawa maenvelopu. Sungani mabuku a nyimbo angapo ndi Mabaibulo a alendo. Woyendetsa mwambo azitchula nambala ya nyimbo kawiri. Ngati pakhomo pali masitepe, pangani potsetsereka poti njinga ya olumala idutse, ndipo wosamva bwino kapena wosaona patali, monga abale athu ambiri achialubino, akhale kutsogolo popanda kuchita kupempha.

Mwambo woimiritsa alendo uganizireni bwino. Mkhristu amene wabwera ndi moni wochokera kumpingo wakwawo amasangalala kuimirira. Koma bambo amene walowa m'tchalitchi koyamba patapita zaka 15, atavala malaya okhawo amene ali nawo, mukamuuza kuti aime atchule dzina, kumene wachokera ndi mpingo wake, sabata yamawa simumuonanso. Nenani kuti amene akufuna kupereka moni aimirire, ndipo ena onse tionana nawo panja tikaweruka. Panjapo musamusiye yekha ataima pansi pa mtengo pamene inu muli pakagulu kukambirana za komiti.

Kenako pali nkhani ya ndalama. Mpingo umafunika malata, simenti ndi malipiro a abusa, palibe akutsutsa. Koma Lamulungu limene zolengeza zatenga ola, kenako chopereka, chakhumi, mapuleji, Pepala Sande, n'kutsirizira kuwerenga maina a amene sanapereke, mlendo wosauka amamva uthenga umodzi wokha: kuno n'kwa anthu a ndalama. Kalata ya Yakobo mutu 2 inadzudzula kale zopatsa mpando wabwino wovala mphete yagolide n'kumuimika wosauka kumbuyo. Nenani momveka kuti mlendo sakakamizidwa kupereka, ndipo nkhani za ngongole za akhristu zipite kumilaga, timagulu ta akhristu ta m'madera.

Khomo lenileni ndi mlaga

Munthu amene akuchita manyazi kulowa m'tchalitchi cha anthu 800 savutika kukhala pamkeka pakhonde la neba wake. N'chifukwa chake timagulu ta m'madera, timene a CCAP amati milaga, Akatolika amati miphakati kapena malimana, ndipo mipingo ina amati maselo, ndiye chida chanu chachikulu. Si nzeru yatsopano. Bishopu Patrick Kalilombe atatenga dayosizi ya Lilongwe mu 1972, anayendetsa sinodi yaing'ono kuyambira 1973 mpaka 1975 imene inaika miphakati pamtima pa moyo wa mpingo, ndipo maepiskopi a bungwe la AMECEA, la maiko a kum'mawa kwa Africa, anaitenga kukhala njira yotsogola m'maiko awo onse. Cholinga chinali chakuti mpingo upezeke kumene anthu amakhala, osati kuparishi kokha.

Vuto n'lakuti milaga yambiri inasanduka ofesi yotolera ndalama ndi yogawira ntchito yosesa kutchalitchi. Ibwezereni ntchito yake. Mlaga ukapitirira mabanja 15 kapena 20, ugaweni, chifukwa pagulu lalikulu mlendo amasowa. Mapemphero asapitirire ola limodzi: nyimbo ziwiri zodziwika, ndime yaifupi ya m'Baibulo, funso limodzi loti aliyense angayankhe, kupemphererana. Musalole kuti munthu mmodzi asandutse mlaga guwa lake lolalikira mphindi 40. Ndipo thetsani mpikisano wa tiyi. Nyumba ina ikaphika tiyi wamkaka ndi buledi wopaka, ina n'kuwonjeza mazira, mayi wa chipinda chimodzi cha lendi sadzalola kuti mlaga ubwere kwake, ndipo posachedwa adzaleka kubwera kwa ena. Gwirizanani kuti ndi madzi akumwa basi, kapena chimanga chokazinga.

Tsiku ndi nthawi zitsate anthu amene mwawapeza pamapu aja. Ngati kwanuko n'kwa alonda, mlaga wa madzulo suwathandiza. Ayeseni cha m'ma 10 koloko m'mawa mkati mwa sabata. Ngati n'kwa amayi a geni pamsika, funsani tsiku limene malonda amakhala ozizira.

Tsopano tulukani, awiriawiri

Musanagogode khomo lililonse, kaonekereni kwa amfumu, kaya ndi nyakwawa yakumudzi kaya ndi mfumu ya m'tauni. Pitani ndi mkulu wa mpingo wodziwika m'deralo, mufotokoze kuti mwezi uno mukhala mukuyendera mabanja ndipo simukutolera ndalama kapena kulemba maina a chithandizo. Mawu omalizawa ndi ofunika kwambiri. Anthu akaona alendo ali ndi kope ndi cholembera amaganiza za makuponi kapena ufa, ndipo akazindikira kuti palibe, amakwiya ngati mwawanamiza. Kope likhale m'thumba, mudzalemba mukachoka.

Ambuye anatuma ophunzira awiriawiri, monga tikuwerengera pa Luka 10, ndipo nzeru yake ikadalipo. Awiri amatetezana ku miseche ndi ku mayesero. Amuna okhaokha asalowe m'nyumba imene muli mayi yekha kapena mtsikana. Khalani panja poonekera, kapena mubwerenso ndi mayi wachigwirizano, wamvano, wadorika, malinga ndi mpingo wanu. Gulu la anthu 8 ovala yunifolomu likaima pakhomo la munthu, aneba amayamba kufunsa ngati kwagwa zovuta.

Nthawi yabwino ndi chakumadzulo dzuwa litapepa, kapena Loweruka masana. Nyengo ya dzinja kumudzi musapite m'mawa, anthu ali kumunda. Pewaninso nthawi ya nsima, makamaka Januwale ndi Febuluwale pamene ufa uli wowerengera: mwini nyumba adzakakamizika kukuitanirani chakudya cha ana ake, kapena adzachita manyazi kuti sanakuitanireni.

Mawu oyamba akhale aafupi ndi oona:

"Odi kuno!"

"Eee, fikani."

"Zikomo mayi. Ife ndi aneba anu, timapemphera patchalitchi cha pamtundapo. Tinamva kuti mwabwera chatsopano, ndiye tinati tidzakuoneni. Mwakhazikika bwanji? Ana mwawapezera malo kusukulu?"

Zikatero khalani pamene akupatsani, kaya ndi pampando, pamkeka kapena pa chigubu, ndipo mvetserani. Ulendo woyamba si wolalikira. Mudzamva kuti bambo ali ku Joni ndipo papita miyezi osatumiza kanthu, kuti mwana amadwaladwala, kuti alandilodi akweza lendi. Mukafunsa za mpingo, funsani mofatsa: "Kumudzi munkapemphera kuti?" Akatchula mpingo wina ndipo akuufuna, alozereni kumene uli, ngakhale kuwaperekeza. Simunaluze kanthu, dera lonse lidzadziwa kuti anthu inu simusaka maina. Akati "tinasiya kalekale", musafunse chifukwa tsiku lomwelo. Pemphani chilolezo musanapemphere, ndipo pemphero likhale la zimene mwamvazo, lalifupi, lopanda kukuwa. Potsazika itanirani kumlaga, mutchule nyumba ndi tsiku, ndipo munene kuti mudzadutsa kudzawatenga. Mphindi 20 zakwana.

Pali makomo ena ofuna ulemu wapadera. Mukapeza kuti ndi banja la Chisilamu, ku Mangochi, ku Machinga, ku Nkhotakota kapena m'tauni momwemu, perekani moni monga aneba, musanyoze chipembedzo chawo, ndipo musaitanire ana awo ku Sande sukulu makolo asakudziwa. Chimodzimodzi m'midzi ya gule wamkulu: mlaliki amene amayamba ndi kutukwana dambwe amatseka makutu a mudzi wonse, kuyambira amfumu. Chikhulupiriro chanu muchinene mosabisa mukafunsidwa kapena ubale ukakula, koma wokana wakana, ndipo mawa mudzamupatsebe moni panjira.

Pamaliro ndi pamatenda m'pamene dera limakuyezani

Palibe ulaliki umene anthu a m'dera amaumvetsera kuposa zimene mpingo umachita pakagwa zovuta. Aliyense amabwera pamaliro: woledzera, Msilamu, wagule, wodulidwa, mnyamata amene sanalowepo m'tchalitchi. Ndipo onse amaona.

Mipingo ili ndi malamulo osiyana pa nkhani yoimbira maliro a munthu amene sanali mkhristu wake kapena anali pachilango. Sindikukuuzani kuti muphwanye lamulo la sinodi kapena la dayosizi yanu. Koma palibe lamulo limene limaletsa kutola nkhuni, kutunga madzi, kubwereketsa mabenchi ndi mapoto a mpingo, kupereka chipepeso, kugona pasiwa, kapena kuthandiza adzukulu kumanda. Mlaga uliwonse ukhale ndi kathumba ka zovuta ndi munthu mmodzi woti akangomva kulira m'dera, wa mpingo wanu kapena ayi, adziwitse anzake. Banja la lendi limene lilibe achibale pafupi, mwana akamwalira usiku, limasowa ngakhale woti akauze amfumu. Amene adzafike ola limenelo sadzaiwalika.

Mukapatsidwa mpata wolalikira pamaliro, gwirani lilime. Kugwiritsa ntchito mtembo ngati chitsanzo, kunena kuti "onani mmene amathera osapemphera", ndi nkhanza kwa ofedwa, ndipo abale ake adzadana ndi mpingo mpaka adzukulu awo. Lalikirani chiyembekezo, mwachidule, anthu ali ndi njala ndipo ena achokera kutali.

Ntchito yeniyeni imayamba anthu akabalalika. Pakatha sabata ziwiri, pamene achibale abwerera kwawo ndipo ufa wa chipepeso watha, amayi awiri apiteko. Pakatha mwezi apitenso. Chimodzimodzi ndi matenda: kudikirira wodwala kuchipatala tsiku limodzi kuti womudikirira akasambe ndi kupuma, kapena kupititsa phala kuwodi, n'zinthu zimene mpingo wosauka ungathe. Koma zimene mwaona ndi kumva kumeneko zisatuluke. Matenda a munthu akasanduka "chopempherera" cholengezedwa ndi dzina popanda chilolezo chake, mwamuthamangitsa, ndipo musauze wodwala aliyense kuti asiye mankhwala a kuchipatala chifukwa mwamupempherera.

Tsegulani njira yobwererera

Gulu lija la m'kaundula, la anthu amene alipo koma saoneka, lili ndi mfundo zake zofunika kumasula, ndipo zambiri ndi za mapepala ndi manyazi, osati za kusakhulupirira.

Wosowa kalata yosamukira musamuuze kuti apite kumudzi akatenge. Thiransipoti yopita ku Nsanje kapena ku Chitipa ndi ndalama ya lendi ya mwezi. Mlembi wa mpingo aimbe foni kumpingo wakwawoko, kalatayo ibwere pa WhatsApp kapena ndi munthu wodalirika. Amene anadulidwa kapena kuimitsidwa masakramenti afotokozeredwe mwachinsinsi, ndi mkulu mmodzi wokhwima maganizo, kuti njira yobwerera ndi yotani ndipo itenga nthawi yaitali bwanji. Ambiri amaganiza kuti chitseko chinatsekedwa mpaka kalekale chifukwa palibe anawauzapo zina.

Mfundo yaikulu ndi maukwati. Mabanja ochuluka analowana, ena anachita chinkhoswe, ali ndi ana atatu, koma sanadalitse ukwati chifukwa akuganiza kuti kudalitsa kumafuna holo, veyilo, magalimoto ndi perekaniperekani. Kambiranani ndi abusa kapena bambo mfumu kuti pachaka pakhale tsiku lodalitsa maukwati ambiri pamodzi, maphunziro ake atachitika bwinobwino, ankhoswe alipo, zovala zili zimene anthu ali nazo, ndipo mpingo wonse n'kudyera limodzi. Banja limodzi likadutsa njira imeneyi osachititsidwa manyazi, ena amabwera okha kudzafunsa.

Chitani kanthu kamene dera likusowa

Amishoni a Dutch Reformed atafika ku Mvera mu 1889, uthenga unafalikira m'chigawo chapakati makamaka kudzera mwa aphunzitsi a sukulu za m'midzi, anthu akuda amene ankakhala pamudzipo, kuphunzitsa kuwerenga mkati mwa sabata ndi kutsogolera mapemphero Lamulungu. Nyumba yanu yopemphereramo imakhala yotseka masiku asanu pa sabata. Mungatsegulemo mkombaphala, sukulu ya kwacha, malo owerengera a ana a Sitandade 8 ndi Fomu 4 ngati muli ndi magetsi kapena sola, kapena kulola gulu la banki mkhonde kuti lizikumanamo. Pafupifupi theka la Amalawi ndi ana osafika zaka 18, choncho mpira wamiyendo ndi wamanja pabwalo la mpingo si zachibwana.

Sankhani chimodzi chokha chimene mungathe kuchipitiriza chaka chonse. Ndipo chisakhale nyambo. Namondwe wa Freddy atagwetsa matope ku Chilobwe ndi ku Soche mu Malichi 2023, anthu anathawira m'masukulu ndi m'matchalitchi, pa nthawi ngati imeneyo wofunsa munthu kuti "ndinu a mpingo wanji?" asanamupatse bulangeti ndiye kuti sanamvetse ntchito yake. Zikhale choncho ngakhale pa masiku abwino. Mwana wa Msilamu adye phala pamkombaphala wanu popanda kukakamizidwa chilichonse. Pa za ana, makolo adziwe ndi kuvomereza, ndipo pasakhale wamkulu wotsala yekha ndi mwana m'chipinda. Pa za banki mkhonde, ndalama zake zisasakanikirane ndi za mpingo, ndipo abusa asakhale msungichuma. Gulu likagwa, lisagwetse ndi mpingo womwe.

Tsopano mukhoza kuchititsa chitsitsimutso

Mukayenda miyezi ingapo m'njira zimenezi, msonkhano wapabwalo umakhala ndi phindu, chifukwa obwerawo amabwera ndi munthu amene akuwadziwa kale. Uikeni pakati pa Meyi ndi Okutobala, mvula itatha ndipo anthu atakolola. Mu Juni ndi Julayi muyambe msanga chifukwa usiku kumazizira. Funsani amfumu ngati masikuwo sakuwombana ndi chiliza, chinamwali kapena tsiku la msika, ndipo kumadera a Asilamu pewani kuloza zokuzira mawu kumzikiti, makamaka Lachisanu masana ndi mwezi wa Ramadan. Dziwitsani apolisi ndi eni bwalo. Phokoso lithe anthu asanagone. Mayi amene mwana wake wodwala walephera kugona chifukwa cha jenereta ndi kiyibodi yanu simudzamukopanso.

Mlaliki wobwera mumuuziretu zitatu: asanyoze mipingo ina, asagulitse madzi, mafuta kapena madalitso, ndipo asalonjeze zimene inu otsala simudzatha kuziyankha iye atapita. Kwaya ziimbe m'zilankhulo za anthu a m'deralo, kaya ndi Chiyao, Chitumbuka, Chilhomwe kapena Chisena.

Musanalipire zokuzira mawu, khalani ndi anthu okonzeka kulandira amene adzabwere kutsogolo: mlangizi mmodzi pa anthu atatu kapena anayi, wa mlaga wa kumene munthuyo amakhala. Alembe dzina, nambala ya foni ngati ilipo, ndi malongosoledwe a nyumba, monga "kuseri kwa chigayo, geti lofiira", popeza manambala a nyumba m'madera ambiri kulibe. Ngati alangizi otere mulibe, msonkhanowo uyambe wadikira.

Za mafoni ndinene mwachidule. Gulu la WhatsApp la mlaga limathandiza kudziwitsana za matenda ndi malo okumanira, koma musamuikemo munthu asanavomere, ndipo musalidzaze ndi mavidiyo odya bandulo. Ambiri ali ndi mafoni a mabatani, ndiye kuimba kwa mphindi imodzi kumaposa mauthenga 20. Wodwala kapena wokalamba amene sangayende muthandizeni kupeza Trans World Radio, Radio Maria kapena wailesi ya mpingo wanu, koma wailesi isalowe m'malo mwa phazi lanu.

Miyezi itatu yoyamba

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Amene wabwera koyamba, kaya kumlaga, kutchalitchi kapena pachitsitsimutso, ayenderedwe sabata yomweyo lisanafike Lamulungu lina. Mpatseni munthu mmodzi, wofanana naye msinkhu ndiponso mwamuna kwa mwamuna, mkazi kwa mkazi, woti azimudutsira popita kutchalitchi, kukhala naye benchi limodzi ndi kumufotokozera zimene zikuchitika. Ngati akufunika kalasi, auzidwe tsiku loyamba, utali wake ndi zimene adzaphunzire, ndipo wosadziwa kuwerenga asachititsidwe manyazi ndi mafunso oloweza pamaso pa ana.

Musachedwe kumupatsa kantchito. Munthu amadziona kuti ndi wapakhomo tsiku limene wapemphedwa kunyamula benchi, kuimba ng'oma, kukonza waya wa magetsi kapena kuphika nawo pamaliro. Udindo wa ndalama kapena wa ana udikire mpaka mumudziwe bwino.

Konzekeraninso matope, poti walira mvula walira matope. Anthu atsopano adzabwera ndi fungo la kachasu, ndi ngongole za kubetcha, ndi mitala, ndi mafunso ovuta, ndipo ena adzapempha ndalama sabata yoyamba. Gwirizanani pasadakhale kuti wopempha chithandizo amapita kwa atumiki, osati kwa amene anamuitana, kuti ubale usasanduke katapila. Akhristu akale ena adzadandaula kuti benchi lawo lalandidwa; abusa alankhulepo paguwa zisanafike poipa.

Pa msonkhano wa akulu wa mwezi ndi mwezi, mlaga uliwonse uziyankha mafunso atatu: mwayendera makomo angati, ndani wabwera koyamba, ndipo mwa amene anabwera miyezi itatu yapitayo alipobe ndani? Musawerenge manja oimikidwa pabwalo. Mukaona kuti mbali ina ya mapu aja anthu achuluka koma akuyenda mtunda woposa ola kudzapemphera, yambani kuganiza za nthambi kumeneko, ngakhale m'kalasi ya sukulu yobwereka, ndipo malo mukapatsidwa ndi amfumu pakhale pepala losainidwa ndi mboni.

Amene anabwera kenako n'kusiya, muwayenderenso kamodzi, osati kukawadzudzula koma kukafunsa chimene chinawabweza. Lembani yankho monga momwe alinenera, osalikometsa, ngakhale litakhudza mkulu wa mpingo kapena mayi wapampando. Yankho lomwelo likabwera kuchokera kwa anthu atatu osiyana, liikeni pa ndondomeko ya msonkhano wotsatira, pamwamba pa nkhani ya malata.